Anapiye Amene Sankakula

Masiku ano anyamata a pamsika pa Tengani akandiitana kuti tikaonere filimu, ndimangowayang'ana n'kupitiriza ulendo wanga. Amanena kuti ku Joni ndinabwerako ndi matama. Alekeni anene. Ine mafilimu ndinaonera okwanira, a mayiko amene sindidzapondako n'komwe, mpaka ena anandikonzera ndi abale anga enieni. Amenewo ndiwo anandiwawitsa mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe.

Ndinapita ku Joni amayi atayamba kale kudwaladwala. Miyendo inkatupa, akayenda pang'ono mpweya unkawathera, ndipo makutu anali atatsala pang'ono kugontheratu. Chaka chimenecho madzi osefukira anatitengera mapira ndi mbuzi, anthu tikudya nyika za m'dambo, ndiye za ulendo wanga panalibe wotsutsa. Tsiku lonyamuka ndinagwada pakhonde n'kuwafuulira m'khutu kuti akangomva thupi likuwakana, andiitane, ndidzasiya chilichonse n'kubwera. Ndinkafuna kudzawapeza ali moyo, osati kudzaonetsedwa mulu wa dothi. Anagwedeza mutu movomera. Mng'ono wanga Zuze ndi mlongo wanga Malita anali pomwepo, ndipo palibe amene anganame kuti sanamve.

Ntchito ndinaipeza pa famu ya kabichi ndi sipinachi, kunja kwa mzinda. Tinkagona m'makontena achitsulo amene kale ankasungamo feteleza. Munthu wa kuchigwa kutentha ndimakudziwa, sikundiopsa, koma kuzizira kwa kumeneko ndi nkhanza zenizeni. Tinkadula kabichi chisanu chitayera mbee pamasamba, zala zikung'ambika, magazi osawamva n'komwe. Folomani sanavutike kuphunzira dzina la munthu aliyense. Ankangofuula dzina la dziko lako, ine ndinali Malawi, ndipo ukachedwa kutembenuka ankakukumbutsa kuti pageti pali anthu ena amene akudikira malo ako. Apo sankanama. Masiku a m'pasipoti yanga anatha msanga, choncho ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzatuluke, pa boda adzandidinda kuti ndisabwererenso. Ulendo wa kumudzi unali umodzi basi, wopita osabwerera, ndipo ndinkausungira amayi.

Chimene chinkatisunga kuti tisapenge ndi Lamulungu masana. M'kontena yathu munali Domingo, wa ku Mutarara, kungodumpha malire kuchokera kwathu kuno. Tsiku loyamba anandimva ndikutukwana kabichi m'Chisena, n'kuseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira pamenepo tinkadyera mbale imodzi. Iyeyu anatola TV yotayidwa kuseri kwa nyumba ya mwini famu, n'kuikonza ndi mpeni wodulira kabichi. Mafilimu ankatiikira pa fulashi ndi munthu wina wa ku Bangladeshi wa shopu ya pamsewu. Sankafunsa zimene tikufuna. Ankangothira zimene wapeza, ngati munthu wogawa nyemba zosasankha.

Aliyense anali ndi ake. Domingo ankafera a ku China, amene nkhalamba ya ndevu zoyera imakwapula mudzi wonse ndi benchi, kenako n'kukhala pa benchi lomwelo kumwa tiyi. Tendai, mnyamata wa ku Zimbabwe, ankakonda a ku Nigeria, a apongozi okhwima ndi akazi olandana amuna, ndipo ankalangiza anthu a m'filimuwo mofuula. Mkazi akanyamula mbale ya chakudya chothira mankhwala, Tendai ankaimirira n'kumachenjeza mwamunayo kuti asadye, ndipo akadya ankamutukwana kuti ndi chitsiru chosamva. Asuthu awiri, a ku Lesotho, a kontena ya pafupi ankabwerera a azungu a zipewa zazikulu owomberana m'chipululu, koma nkhani sankaitsata ayi. Iwo ankangoyang'ana mahatchi n'kumadandaula kuti anthuwo sadziwa kukwera.

Ine ndinayamba ndi a Amwenye. Kumeneko mwamuna wamkulu ndi ndevu zake amalira poyera chifukwa cha mayi ake, ndipo palibe womuseka, ndiye nanenso ndinkapezerapo mpata. Kenako panabwera ina ya ku Koreya, ya nkhalamba ya boti la nsomba imene ana ake anasamukira m'tauni. Mawu sitinamvepo ngakhale amodzi, koma itatha tonse tinatuluka panja, aliyense akunamizira utsi wa mbaula. Ya ku Brazil ankatimasulira ndi Domingo, ndipo ndikukhulupirira kuti theka ankapeka yekha, chifukwa sizingatheke kuti anthu onse a ku Brazil amatukwana ngati asodzi a pa Shire. Koma imene ndinaikonda kuposa onse inali ya ku Mali. Munalibe mfuti, munalibe nyimbo. Mayi wina ankangoyenda ndi ndowa pamutu pakati pa milambe, dzuwa likuswa mtengo, nthawi yaitali osalankhula. Anzanga anagona. Ine ndinkamva ngati ndiitane mayiyo ndimufunse za kwathu.

A nkhondo okha ndinkadana nawo. Anthu kufa ngati nkhuku za chitopa, wina n'kungowadumpha kumapitiriza kuthamanga, popanda wowalira, popanda wofunsa kuti kwawo n'kuti. Akaika amenewo ndinkapita kukachapa.

Tinali ndi masewera athu ogwira mabodza a m'filimu, ndipo katswiri anali Domingo. Maso ake sankakhala pa munthu amene akulankhula. Ankayang'ana kumbuyo, m'mphepete, kumene opanga filimu amaganiza kuti palibe angayang'ane. Ndiye amene anaona msilikali wakufa akudzikanda mwendo. Ndiye amene anaona kapu ya mowa ili yodzaza, kenako theka, kenako yodzazanso, mwini wake osamwa. Akagwira bodza ankaimitsa filimu, n'kubweza, n'kutiloza ndi chala ngati mphunzitsi, ife n'kumafa nazo ziseko.

Filimu yomaliza ya Lamulungu nthawi zambiri inkakhala yanga. Popeza amayi sankamva pa foni, Zuze ankawajambula ndi foni imene ndinamutumizira, n'kupalasa njinga kukasaka netiweki kuti anditumizire. Zinali zazifupi. Amayi atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa masau wa pakhomo pathu, duku atamanga bwino, nkhope ikuwala mafuta.

"Mwananga, muli tani kweneko? Ife kuno tiri pyadidi. Phata basa, leka kulimbana na anthu. Uzivala juzi."

Ankatero m'Chisena chathu, kuti ali bwino, ndigwire ntchito. Nthawi ina ankanena kuti ndizidya, nthawi ina kuti ndizipemphera, nthawi ina ankangoseka n'kukupiza dzanja. Anzanga ankazitcha filimu ya ku Malawi ndipo ankaunjikana pa foni yanga, mitu ikugundana. Tendai, amene mayi ake anamwalira ali mwana, ankapempha kuti tibwereze. Ine ndikaona amayi akuseka ndinkati basi, nthawi ikadalipo, ndipirire nyengo ina imodzi ya kabichi. Ndinkanena zimenezi nyengo iliyonse.

Lamulungu lina, itangofika yatsopano, Domingo sanaseke nawo. Anapempha foni, n'kubweza, n'kutsegula ya mwezi wapitawo, n'kutsegulanso ina yakale. Ndinkaganiza kuti akufuna kumva Chisena cha amayi. Kenako anaika chala kumbuyo kwa phewa lawo, pamene thadzi la mawangamawanga linkapalasa ndi anapiye ake.

"Shamwali, anapiye a kwanu sakula?"

Ndinamugwira pakhosi. Sindinafunse kuti akutanthauza chiyani, chifukwa ndinali nditamva kale. Tendai ndi Asuthu aja anandikoka, koma Domingo sanadziteteze. Anangoti ndikafuna ndimumenye, koma ndikatha kumenya ndiyang'ane.

Ndinakakhala kuseri kwa shedi ya mathirakitala n'kuyang'ana. Thadzi lomwelo. Anapiye omwewo, aubweya, osamera nthenga ngakhale imodzi, kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula kugwa n'kusiya. Masau anali mbwee pansi m'vidiyo iliyonse, chonsecho masau ali ndi nyengo yake. Mthunzi unkangosuntha pang'ono, ngati wa tsiku limodzi. Chimene chinkasintha ndi duku ndi chitenje basi, lero lofiira, mawa lobiriwira, kenako loyera la kutchalitchi. Ndipo nditazimvetsera motsatana ndinazindikira kuti mawu a amayi ankanka natsika, ngati munthu amene walankhula kuyambira m'mawa.

Ndinaimbira Zuze. Ndinamuuza kuti ndikufuna awajambule amayi tsiku lomwelo akutchula dzina la Domingo. Anati foni yavuta kamera. Mawa lake anati amayi apita ku Makhuwira kukaona achemwali awo, munthu amene ankalephera kufika pachitsime. Ndinaimbira atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ndiwo mwini mbumba kwathu. Anandiyankha ndi mawu ozizira bwino kuti kumudzi kulibe vuto, ndilimbikire ntchito, ndikumbukire kuti ana a Malita ali pasukulu. Malita ndiye sankayankha. Tsiku limene anayankha, ndinangomva akupuma, kenako anadula.

Folomani nditamuuza kuti ndikupita anangokweza mapewa, ndipo dzuwa lisanapendeke munthu wina anali atagwira kale mpeni wanga. Domingo anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu. Pakhosi pake panali pakuonekabe zala zanga. Potsanzikana anandiuza kuti m'moyo wake wonse sanafunepo kukhala wolakwa ngati tsiku limenelo.

Pa boda anandidinda monga ndinkayembekezera. M'basi anatiikira filimu yoseketsa, anthu akuseka njira yonse ya ku Tete, ine nditaphimba mutu ndi juzi. Potsika mapiri kulowa m'chigwa, kutentha kutandimenya kumaso pawindo, ndinayamba kudzinamiza kuti mwina Zuze ndi ulesi chabe, anajambula zambiri tsiku limodzi kuti asamavutike. Ndinkati ndikafika ndimukalipira, amayi atiseka tonse. Bodza limenelo linandifikitsa mpaka pa Bangula.

Wakabaza ananditsitsa pakhomo dzuwa lili pamutu. Chitseko cha nyumba ya amayi chinali chomanga ndi waya. Pakhonde panamera udzu. Malita anatuluka m'khitchini ndi lichero, atandiona analiponya pansi n'kuyamba kulira maliro, maliro amene ena onse analira kalekale n'kuumitsa misozi.

Amayi anamwalira mapira a chaka chapitacho asanakololedwe. Mvula yathunthu inali itagwa pamanda awo. Anthu anameta, tsitsi linamera, anametanso lachiwiri kwa ometa a pamsika, ine ndili ndi langa lomwe lija. Ndinayesa kuwerengera m'mbuyo kuti tsiku limene ankawaika ndinkatani, ndipo ndinapeza kuti mwina linali Lamulungu. Mwina ndinkaseka nkhalamba ya benchi ija.

Madzulo ake atsibweni anabwera ndi mpando wawo, n'kukhala ngati abwera kudzaweruza mlandu wa mbuzi. Anandifotokozera modekha kuti kuyambira kale munthu wa kutali sauzidwa maliro mwachisawawa, angadzipweteke, angagwe m'njira. Anati akuluakulu anakhala pansi n'kuona kuti ndi bwino ndidzamve ndikadzabwera ndekha.

"Nanga ukanabwera, ukanawadzutsa?" anandifunsa.

Sindinatukwanepo munthu wamkulu chibadwire, koma tsiku limenelo lilime linandiyabwa. Ndinawauza kuti mwambo umene akunenawo ndi wa masiku a makalata oyenda miyezi, ndipo ngakhale pamenepo munthu ankauzidwa kuti matenda akula, bwera. Ndani anayamba wamva mwambo wotumizira munthu mayi ake akufa mwezi ndi mwezi, akumuuza kuti avale juzi? Ndinawauza kuti sanaope kuti ndigwa m'njira ayi, anaopa kuti m'manja mwawo muuma. Ndinatembenukira Zuze, amene anali atatsamira khoma mutu uli pansi, wanenepa, atavala nsapato zimene ndinamugulira. Ndinamutcha wakuba. Ndinati anandibera chinthu chimodzi chokha chimene ndinapempha pakhomo pano, ndipo anachita kundibera akumwetulira, foni yanga yomwe ili m'manja.

Anayankha ndi Malita, kuchokera pakhomo la khitchini.

"Achimwene, si Zuze. Zuze, apatse aone yonse."

Zuze anandipatsa foni, ndipo onse anachokapo, ngakhale atsibweni ananyamula mpando wawo. Ndinatsala ndekha pansi pa mtengo wa masau. Inali vidiyo imodzi yaitali, yosadula.

Inayamba Malita akuwakoka amayi kuwakhazika pamkeka, ngati thumba. Nkhope yawo inali yotuwa, milomo yosweka. Malita anawapaka mafuta, anawamanga duku lofiira, kenako anagwada kumbuyo kwawo, chammbali pang'ono, dzanja lake litawachirikiza msana pamene kamera siifika. Amayi anapuma kangapo, n'kukweza mutu, ndipo mwadzidzidzi nkhope ija inasanduka imene ndinkaidziwa, yowala, yoseka. Analankhula mawu onse aja amene ndinkawaloweza pamtima. Atamaliza, mutu unagwera pachifuwa, n'kuyamba kutsokomola mpaka Malita anawapukuta pakamwa.

Atapeza mpweya anafunsa kuti nsalu zatsala zingati. Analamula kuti abweretse duku lobiriwira. Anakalipira Malita kuti dzanja lake likuoneka. Anauza Zuze kuti asunthe, dzuwa likuwaonetsa maenje a m'maso. Palibe amene ankawakakamiza. Iwo ndiwo ankayendetsa zonse, ndi ukali womwe uja ankatiyendetsera kumunda tili ana.

Pakati pake ndinamva mawu a Zuze kuseri kwa foni, akulira ngati mwana, akufuula kuti amayi amve.

"Mama, achimwene adzandipha. Tiyeni tingowaitana."

"Nkhabe," anakana amayi. "Akabwera sabwereranso. Adzadya chiyani kuno, nyika? Uzitumiza imodziimodzi, usafulumire."

"Adzakwiya, mama."

"Akwiye. Adzakwiya ali wokhuta."

Anajambula mpaka mthunzi unachoka pamkeka. Chakumapeto analephera kukweza dzanja, Malita n'kuwakwezera chigongono. Anayesa kuseka, kuseka kunakana, thupi linapendekera kumbali. Zuze anathamanga foni ili m'manja, chithunzi chikugwedezeka, dothi, mapazi, thambo. Mawu okha ndiwo ankamveka bwino, otsika, a munthu wotopa kwambiri, akuti adule pamenepo, mwana wawo asaone.

Ndinakwiya, monga ananenera. Ndinakwiyira Zuze chifukwa chomvera, Malita chifukwa chogwira msana, atsibweni chifukwa chobisala kumbuyo kwa mwambo pa chinthu chimene sanachiyambe ndi iwo. Koma kwambiri ndinakwiyira amayi, ndipo ndikadali wokwiya. Anandigwedezera mutu pakhonde paja akudziwa kuti sadzandiitana. Anasankha okha kuti mimba yanga ndi yofunika kuposa kuwagwira dzanja, osandifunsa ine mwini mimbayo. Anthu amati ndiwamvetse, chinali chikondi. Ndikudziwa kuti chinali chikondi. Kodi chikondi sichipweteka munthu? Ndipo kukhuta kumene ankandisungirako kuli kuti? Ku Joni ndinatsekeredwa, ndikulima thonje pamunda womwewo umene ndinauthawa, ndipo wokangana naye palibe.

Ndinakhala nthawi yaitali osalankhula ndi Zuze. Tikakumana panjira ya kudimba, iye ankapatukira m'tchire. Tsiku lina anabwera ndikusula khasu, n'kuima patali, n'kunena kuti pa zidutswa zimene anadula, zina anali asanatumize pamene ndinabwera. Mbali imeneyo sinali mu vidiyo yaitali ija, anaijambula m'mawa mwake amayi ali gone m'nyumba, atakana kuti tsiku lipite pachabe. Anafunsa ngati andipatse zonse kapena afufute.

Ndinamuuza kuti achite zimene anauzidwa, azitumiza imodziimodzi. Sindinamukhululukire, ndipo ndinamuuza zimenezo pamaso. Nyumba zathu n'zoyang'anana, tikhoza kupatsirana moto osadzuka pampando, koma mwezi ukatha amapalasa njinga kukasaka netiweki, foni yanga n'kulira. Ndimakatsekera m'nyumba. Amayi amandiuza kuti ndisamadye ndili chiimire, kuti ndisakwatire mkazi wa kumeneko osawauza, kuti mvula kuno yagwa bwino. Ine ndimawayankha mokalipa, zonse zimene ndinalephera kuwauza, mpaka Malita amachotsa ana pabwalo.

Sabata yatha Zuze anandipeza pachitsime. Anadikira kuti amayi otunga madzi achoke, kenako ananena motsitsa mawu kuti yatsala imodzi, yomaliza.

Ndinamuuza kuti akangoyerekeza kuitumiza, ndimuthyola dzanja.